Chakudya ndi mutu wathu: zomwe zili zoona ndi zomwe akungotigulitsa

Mu 1914 boma la America linatuma dokotala wina dzina lake Joseph Goldberger kuti akafufuze matenda omwe ankapulula anthu kummwera kwa dzikolo, matenda a pellagra. Amayamba ndi khungu, limada nkumasuwa mmalo momwe dzuwa limaomba, mmanja, mkhosi, kumaso, kenako kutsegula mmimba kosaleka, kenako mutu umayamba kusokonekera, munthu kumangoiwala, kulira popanda chomuliza, kuona zinthu zoti palibe, mapeto ake maliro. Ambiri ankathera mzipatala za amisala. Madokotala anthawi imeneyo ankati ndi kachilombo kopatsirana basi, koma Goldberger atalowa mzipatalamo anaona chinthu choti aliyense akanatha kuchiona akanafuna, odwala akutha koma manesi ndi antchito omwe ankawagwira tsiku ndi tsiku ali gwa, osadwala. Nde kachilombo kanji kosankha nkhope chonchi? Kusiyana kunali pa mbale. Odwalawo ankangodya chimanga, mafuta ankhumba ndi uchi wanzimbe tsiku lililonse, pomwe antchito ankapezako mkaka, nyama ndi mazira.

Anzake sanamukhulupirire ayi. Mu 1915 anapita kundende ina ku Mississippi, akaidi 11 anavomera kudya chakudya chaumphawi chomwecho powalonjeza kuti awamasula, ndipo patatha miyezi ngati isanu 6 mwa iwo anali ndi pellagra. Anthu anakanabe. Nde mu 1916 mkuluyu anapanga zoti ukamamva nseru imakugwira, iyeyo, mkazi wake ndi anzake ena anadzibaya magazi a odwala, nkumeza timibulu tokhala ndi nkhanambo, mkodzo ndi chimbudzi cha odwalawo, kungofuna kuonetsa kuti matendawa sapatsirana. Palibe anadwala pellagra. Goldberger anamwalira mu 1929 asanadziwe chenicheni chomwe chimasowa mchakudyacho, anadzachipeza ndi Conrad Elvehjem mu 1937, ndi vitamini B3, ija amati niacin. Pakati pa 1906 ndi 1940 anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala ku America konko, ndipo oposa 100,000 anafa. Chomvetsa chisoni nchakuti anthu aku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, kwao kwa chimangacho, ankachidya kwa zaka mazanamazana osadwala chifukwa ankachiphika ndi laimu kapena phulusa, zomwe zimamasula niacin yemwe amakhala womangika mnjere, koma omwe anatenga mbewuyo kupita nayo kwina anatenga mbewu yokha, kaphikidwe anakasiya komweko.

Nde funso loti kodi chakudya chingasokoneze maganizo linayankhidwa kalekale, palibenso zokangana. Ubongo ndi pafupifupi 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala, ndipo sumapuma olo uli mtulo. Timadzi tomwe maselo aubongo amatumizirana mauthenga, serotonin, dopamine ndi tina, timapangidwa kuchokera ku zakudya zomanga thupi, ndipo kuti ntchitoyo itheke pamafunika ayironi ndi mavitamini a B. Chimodzi chikasowa nthawi yaitali mutu umadziwa ndithu.

B12 ndi amene amapusitsa anthu kwambiri. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo chiwindi chimamusunga wokwanira zaka zingapo, nde munthu amatha kusiya zakudya zimenezi lero nkudzayamba kuvutika patapita zaka zitatu kapena zinayi, iye osaganizako nkomwe kuti zikugwirizana. Dzanzi mmapazi, kutopa, kuiwalaiwala, kukhumudwa, ena mpaka kumaganiza kuti anthu akuwapangira chiwembu. Okalamba amavutika naye chifukwa mmimba mwawo simumutenganso bwino olo akudya nyama, chimodzimodzi omwe amwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri. Gogo akayamba kuiwala abale amangoti ndi ukalamba, pena ndi ukalambadi, koma pena ndi chinthu choti jakisoni akanachikonza chikanadziwika msanga. Vitamini B1 naye akasowa, makamaka kwa omwa mowa mwauchidakwa osadya, ubongo umaonongeka mpaka munthu kumalephera kusunga chatsopano chilichonse, mwamuuza dzina pano pakatha mphindi zochepa wayiwala, nkumangopeka nkhani kuti atseke mipata, osati mwadala. Ayodini akasowa kwa mayi woyembekezera mwana amabadwa nzeru zitachepa, nchifukwa chake maiko ambiri amathira ayodini mu mchere. Ndipo kuchepa magazi chifukwa chosowa ayironi kumabweretsa kutopa, mphwayi ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, zomwe ukazionera patali zimafanana kwambiri ndi depression, matenda aja a kukhumudwa kwakukulu kosatha msanga.

Koma kafukufuku yemwe ineyo ndimaona kuti aliyense wokamba nkhani imeneyi amayenera kumudziwa ndi wa ku Minnesota ku America. Mu 1944, nkhondo yachiwiri ili mkati, wasayansi wina dzina lake Ancel Keys anasankha anyamata 36 athanzi lawo, oganiza bwinobwino, omwe anakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikhulupiriro koma ankafuna kuthandiza mwanjira ina. Atawadyetsa bwino kwa masabata 12, anawadulira chakudya ndi theka kwa masabata 24, mbatata, buledi, makaroni ndi tindiwo tochepa, kwinaku akuyenda makilomita pafupifupi 35 pa sabata. Anataya pafupifupi kota ya thupi lawo, koma zomwe zinachitika mmutu ndi zomwe zinadabwitsa. Anyamata omwe anabwera akuseka anasanduka okwiya msanga, osafuna kucheza, chilakolako cha akazi chinatheratu, nkhani inali chakudya basi kuyambira mmawa mpaka kumaloto. Ena anayamba kutolera mabuku a kaphikidwe nkumawerenga usiku, ena kunyambita mbale, ena kuthira madzi mu chakudya kuti chioneke chambiri nkumachidya pang'onopang'ono kwa maola, wina akangotafuna mokweza ndeu yayambika. Mmodzi anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa, ndipo zaka zambiri pambuyo pake ankanenabe kuti sangathe kunena ngati inali ngozi kapena dala. Anthuwa analibe vuto lina lililonse, ankadziwa tsiku lomwe zidzathe, anali ndi pogona, madokotala ali pompo, koma njala yokha inawafikitsa pamenepo. Ndipo pa nthawi yowabwezeretsa Keys anapeza kuti mavitamini oonjezera sankathandiza kwenikweni, chomwe chinkafunika ndi chakudya chokwanira, chambiri.

Nthawi yomweyomweyo ku Netherlands kunagwa njala yeniyeni, kuyambira kumapeto kwa 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatseka njira za chakudya. Patapita zaka ofufuza anapeza kuti ana omwe mimba zawo zinayamba njala ili pachimake anali ndi chiopsezo chowirikiza kawiri chodzadwala schizophrenia atakula, matenda amisala aja omwe munthu amamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zoti palibe, ndipo zomwezo zinadzaonekanso kwa ana a njala ya ku China ya 1959 mpaka 1961. Kutanthauza kuti mbale ya mayi imatha kukhudza mutu wa munthu yemwe sanabadwe nkomwe. Onjezerani apo nkhawa yeniyeniyo ya kusadziwa kuti ana adya chani mawa, imene payokha imadwalitsa olo thupi lisanayambe kuwonda, kafukufuku mmaiko olemera ndi osauka omwe amapeza zofanana kuti kusowa chakudya pakhomo kumayendera limodzi ndi depression.

Mpaka apa zonse nzomveka. Pomwe pamayambira chisokonezo ndi pa munthu woti akudya mokwanira, sakusowa vitamini aliyense, koma akudwala depression kapena nkhawa, kodi kusintha kadyedwe kungamuchize? Apa nde pomwe pa Facebook ndi pa TikTok pamadzadza akatswiri.

Pali kafukufuku wambiri wotsatira anthu kwa zaka. Ku Spain anatsatira anthu pafupifupi 10,000 omwe anamaliza ku yunivesite, zotsatira zinatuluka mu 2009, omwe ankadya kwambiri masamba, zipatso, nyemba, mtedza, nsomba ndi mafuta a olive, kadyedwe kaja amati ka Mediterranean, chiopsezo chawo cha depression chinali chotsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Ku London anatsatira ogwira ntchito m'boma nkupeza kuti azibambo omwe ankadya shuga wopitirira magalamu 67 patsiku ankadzavutika maganizo kwambiri patatha zaka zisanu kuposa omwe ankadya wochepa. Ndipo zakudya zamfakitale zija zongotsegula paketi, zomwe ofufuza aku Brazil motsogozedwa ndi Carlos Monteiro anaziika mgulu lakelake, nazo zimapezeka mobwerezabwereza kuti odya kwambiri amakhala ndi depression yambiri.

Zikumveka ngati nkhani yatha eti? Koma taganizirani munthu woti depression yamugwira kale ngakhale sanapite kuchipatala. Wadzuka 11 koloko thupi lolemera, poto wadzana akadali mu sinki madzi ake atachita thovu, kungoganiza zoti asende anyezi akuona ngati ntchito ya tsiku lonse, nde amatenga mabisiketi ndi chakumwa chozizira nkubwerera pabedi, usiku 2 koloko njala yamuwawa adya chilichonse chomwe dzanja lafikira. Wofufuza akabwera nkulemba kuti uyu amadya zosayenera ndipo ali ndi depression walemba zoona, koma chayamba nchiti? Matendawa amasintha kadyedwe, ena chilakolako chimatheratu, ena amangofuna zotsekemera. Komanso munthu wotha kugula nsomba ndi zipatso sabata iliyonse nthawi zambiri ndi yemweyo ali ndi ntchito yokhazikika, amagona bwino, sasuta, ali ndi nthawi yophika komanso wodya naye. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu zimenezi mmasamu awo koma sizichoka zonse.

Njira yokhayo ndi kutenga odwala, kuwagawa mwamaere, ena kuwasinthira kadyedwe ena ayi. Zimenezi zinachitika ku Australia, kafukufuku wotchedwa SMILES yemwe anatsogolera Felice Jacka wa ku Deakin University, anatuluka mu 2017. Anthu 67 odwala depression omwe kadyedwe kawo kanali kosalongosoka, theka anakumana ndi katswiri wa zakudya kasanu ndi kawiri mmasabata 12, theka linalo ankakumana ndi munthu wongocheza nawo nthawi yofanana. Pamapeto 32 peresenti ya gulu la chakudya anali atapeza bwino mpaka zizindikiro kutsikiratu, pomwe gulu locheza anali 8 peresenti. Manambala okoma ndithu, ndipo ndi omwe amazungulira paliponse. Koma anthu 67 ndi ochepa kwambiri, ndipo munthu sungamubisire kuti akudya nyemba mmalo mwa tchipisi, aliyense ankadziwa gulu lake, nde yemwe anabwera akuyembekezera kuti chakudya chimuthandiza nkugwera gulu locheza ayenera kuti anakhumudwa kuyambira tsiku loyamba. Ndipo chomwe ogawana nkhaniyi amasiya dala nchakuti ambiri mwa anthuwa anali pa mankhwala kapena pa uphungu ndipo sanasiye, chakudya chinabwera kudzaonjezera. Kafukufuku wina wotsatira wapezanso phindu, koma akaziphatikiza zonse phindulo limatuluka laling'ono, lilipo koma si zozizwitsa.

Pa mapilisi nde nkhani imaipiratu. Kafukufuku wa MooDFOOD, mu 2019, anatenga anthu onenepa 1,025 ku Netherlands, UK, Germany ndi Spain omwe anali pachiopsezo, ena anawapatsa mapilisi a omega-3 (mafuta aja opezeka mu nsomba), vitamini D, folic acid, selenium ndi calcium kwa chaka chathunthu, ena mapilisi opanda kanthu, ndipo mavitaminiwo sanateteze aliyense ku depression. Ku America kafukufuku wa VITAL anatsatira anthu oposa 18,000 azaka 50 kupita mtsogolo kwa zaka zisanu, vitamini D tsiku lililonse sanachepetse depression, mafuta ansomba nawonso sanathandize. Zili ngati oyilo mu injini, akachepa injini imagogoda ndipo ukathira imakhala bwino, koma ikakhala yodzadza kale kuthira wina sikupangitsa galimoto kuthamanga. Omega-3, makamaka mtundu wa EPA, pa anthu odwala kale omwe akumwanso mankhwala, kafukufuku wina amaonetsa kaphindu pang'ono wina ayi, nde munthu atha kukambirana ndi dokotala wake, koma botolo lolembedwa kuti limachotsa sitiresi mmasiku asanu ndi awiri limenelo ndi bizinesi chabe.

Kenako pali nkhani ya matumbo, yomwe panopa yatchuka kwabasi. Mumva kuti 90 peresenti ya serotonin imapangidwa mmatumbo, nde konzani matumbo musangalale. Gawo loyambalo ndi loona, koma serotonin wa mmatumboyo ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa matumbo omwewo ndipo salowa mu ubongo, pali chotchinga pakati pa magazi ndi ubongo chomwe sichimulola kudutsa, ubongo umapanga wakewake. Izi sizikutanthauza kuti mimba ndi mutu sizilankhulana, zimalankhulana shuwa, aliyense amene anatsegulapo mmimba tsiku la intavyu amadziwa. Pali mtsempha waukulu wotchedwa vagus womwe mauthenga ake ambiri amachoka kumunsi kupita kumutu, pali chitetezo chamthupi, palinso tinthu tomwe mabakiteriya amatulutsa akamagaya zakudya zagaga ndi zamasamba. Mu 2004 ofufuza aku Japan anaonetsa kuti mbewa zoleredwa zopanda mabakiteriya mmatumbo zimatulutsa mahomoni a sitiresi ochuluka zikapanikizidwa, ndipo mu 2016 ku Cork ku Ireland anasamutsa mabakiteriya a anthu odwala depression kuika mu makoswe, makoswewo nkuyamba kuonetsa mantha ndi kusasangalatsidwa ndi zotsekemera. Ku Belgium mu 2019 anapeza kuti mitundu iwiri ya mabakiteriya, Coprococcus ndi Dialister, imachepa mwa anthu odwala depression. Zosangalatsa zedi, koma khoswe si munthu, ndipo za ku Belgium zija zili ndi vuto lomwe lija loti chayamba nchiti. Kuchoka pamenepo kufika poti gulani kabotolo aka ka ma probiotic, mabakiteriya amoyo ogulitsidwa kuti anthu azimwa, muchire, mtunda wake ndi wautali ndipo sayansi sinauyende. Chomwe mabakiteriyawo amadya chimadziwika kale, nyemba, masamba, zipatso, mbewu zosapuntha kwambiri, zinthu zoti sizifuna kulembedwa dzina lachingerezi pabotolo.

Zina nzachidule. Khofi, tiyi wamphamvu ndi ma energy drink, caffeine amatenga maola ngati asanu kuti theka lake lichoke mthupi, nde kapu ya madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pakati pausiku, ndipo kwa munthu wankhawa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kuja kumatha kuyambitsa mantha aakulu oti mpaka amaganiza kuti akufa. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take timaduka mbandakucha, mmawa nkhawa imabwera yoposa yadzulo, munthu nkumwanso kuti aizimitse. Kudumpha chakudya tsiku lonse kumakwiyitsa, izi sitifunika pulofesa. Koma zoti shuga amapengetsa ana, kafukufuku anaziyesa kangapo makolo ndi ana osadziwa yemwe wadya shuga weniweni, ndipo ataziphatikiza mu 1995 sanapeze kusiyana, ana paphwando amalusa chifukwa ndi phwando.

Mbali yomwe sikambidwa kawirikawiri ndi ya anthu omwe ali kale pa mankhwala a matenda amaganizo. Mankhwala ngati olanzapine ndi clozapine amathandiza kwambiri koma amabweretsa njala yosaneneka, munthu amanenepa mmiyezi yochepa, shuga ndi mafuta mmagazi nkukwera, abale nkumamunena kuti wayamba dyera osadziwa kuti ndi mapilisi. Bungwe la WHO limati anthu odwala matenda aakulu amaganizo amafa msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi ena, ndipo ambiri amafa ndi matenda amtima, shuga ndi ena amthupi. Nde kwa iwowa kadyedwe kabwino nkofunika olo kasachepetse mawu omwe akumva mmutu. Womwa lithium, omwe ndi mankhwala enanso a matenda amaganizo, asamangosintha mchere womwe amadya, akauchepetsa mwadzidzidzi kapena akataya madzi ambiri mankhwalawo amachuluka mmagazi mpaka kukhala poizoni. Ndipo chitsamba chija cha St John's wort chomwe chimagulitsidwa ngati mankhwala achilengedwe a depression chimafooketsa mapilisi olera ndi ma ARV ena, komanso nchoopsa kuchiphatikiza ndi mankhwala a depression akuchipatala.

Chimandiwawa ine ndi mmene uthenga wabwinowu umasandukira chikwapu. Munthu akuvutika kudzuka pabedi wina nkumuuza kuti vuto ndi shuga amene ukudyayo, siya gluten wa mu tirigu, siya mkaka, siya mapilisi amenewo ndi poizoni, mapeto ake wodwala akuona ngati wadzidwalitsa yekha, nkusiya mankhwala mwadzidzidzi zinthu nkuipiratu. Depression imabwera ndi zambiri, chibadwa, imfa, nkhanza, ngongole, kusungulumwa, matenda ena, pali anthu odya bwino kwambiri omwe akudwala ndipo pali ena odya zilizonse omwe ali bwinobwino. Komanso malamulo okhwima a kadyedwe ali ndi ngozi yawoyawo, makamaka kwa achinyamata, zimayamba ngati kudzisamalira, ichi sindidya icho sindidya, kuwerenga ma calorie pa chilichonse, mpaka kufika pa anorexia, kudzimana chakudya poopa kunenepa, yomwe ili mgulu la matenda amaganizo opha kwambiri. Kumbukirani anyamata aku Minnesota aja, kudzimana chakudya pakokha kumapangitsa mutu kumangozungulira pa chakudya.

Nde ngati muli ndi m'bale yemwe akudwala, kumutumizira mavidiyo a zakudya khumi zochiza depression sikungamuthandize ngati kumuphikira nkukhala naye pansi kudya limodzi, chifukwa chomwe chikumukanika si kudziwa kuti masamba ndi abwino, ndi mphamvu yoti ayime pamoto. Zomwe anthu a SMILES aja ankalimbikitsidwa sizinali zachilendo, masamba ambiri, zipatso, nyemba kangapo pa sabata, nsomba kawiri, mazira, mtedza, mbewu zosapuntha, nyama pang'ono, nkuchepetsa zotsekemera, zokazinga ndi zakumwa zashuga, ndipo nsomba zamchitini ndi masamba owumitsidwa mufiriji zinkaloledwa. Ndipo ngati kutopa, kuiwala ndi kukhumudwa kwakhalitsa, makamaka ngati pali dzanzi mmanja kapena mmapazi, msambo wotaya magazi ambiri, mimba, ukalamba, mowa wambiri kapena munthu sadya zanyama, nkoyenera kupempha kuchipatala kuti ayeze kuchuluka kwa magazi, shuga, chithokomiro ndi B12 komwe kuli zipangizo, ndipo muwauze mankhwala onse omwe akumwa, azitsamba ndi amabotolo omwe, asanalembe ena.